Nsato ya miyendo ndi chala cha Lughano

Mwezi wathawu tinamanga chiliza pamanda a apongozi anga aamuna, kumudzi kwathu kufupi ndi mtsinje wa Kaseye. Anthu anayankhula mpaka dzuwa kupendeka. Ana awo a sukulu akale anabwera pa magalimoto, a kwaya anaimba, ndipo pomaliza anaimirira ankhazi, mlongo wawo wamkulu wa malemuwo, atatsamira ndodo. Anati mchimwene wawo ndi munthu yekhayo m'Chitipa monse amene anabwerapo ndi nsato panjinga ku mlandu wa pabanja. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Ine ndinali kumbuyo kwa azimayi, ndinabisa nkhope m'chitenje n'kulira, chifukwa nsato imeneyo anaitengera ine.

Dzina lawo lalembedwa pamwalapo, koma silinatulukepo pakamwa panga, ndipo muno simulipeza. Kuno mkazi wa mwana, amene amati mkamwana, satchula dzina la apongozi aamuna. Aliyense ankangowatcha Asambizgi, kutanthauza aphunzitsi, poti anaphunzitsa sayansi ya zamoyo kusekondale mpaka kupuma pantchito. Inenso ndiwatcha choncho.

Ine kwathu ndi ku Zomba, kumene mwamuna ndiye amanyamula bulangete n'kukakhala kwa mkazi, ana n'kukhala a kuchikazi. Nditakwatiwa kuno, apongozi aakazi, amene ndimawaitana kuti amama, anandikhazika pansi ndisanadziwe n'komwe kumene kuli chitsime. Asambizgi osawayang'ana kumaso. Osawapatsa chinthu m'manja. Akakhala pansi pa mtengo wa mango pakati pa bwalo, ine ndizizungulira kuseri kwa nkhokwe. Tikakumana panjira, ndipatuke ndigwade kumbali mpaka adutse. Mabanja ena anazisiya kale zimenezi, koma pano ayi. Ine pakamwa panga sipatsekeka, ndiye zinandiwawa kwambiri. Ndinkati ndakwatiwa kundende, ndipo mkuluyo ndinkawayesa munthu wouma mtima.

Sabata isanathe, ndikulimbana ndi nkhuni zaziwisi m'khitchini, misozi ili chuchuchu, ndinamva mawu okweza pabwalo.

"Iwe Kameta, kamuuze mlendo wathu kuti nkhuni zouma zili kuseri kwa khola. Asamalire nadi ngati tamumenya."

Ndinasuzumira pakhomo. Pabwalo panalibe munthu wina aliyense, koma Asambizgi atandifulatira, ndi nkhuku yaikazi ya khosi lopanda nthenga ikuwayang'ana ndi diso limodzi. Ndinazindikira tsiku limenelo kuti mwambo ankaulemekeza ndithu, koma anali ataupezera kanjira kakumbali. Zonse zimene ankafuna kuti ndimve ankauza nkhuku, ndipo nkhuku za pamudzi pano zinamva zinthu zimene ena amakazimvera ku yunivesite.

Nkhuku zakenso zinali zoti uzione. Ankatha kupita mpaka ku Misuku, kukwera mapiri onse aja akukankha njinga, chifukwa chongomva kuti kwa uje kuli nkhuku yachilendo. Anali ndi kameta wa khosi lambulanda, masapa wa nthenga mpaka kumapazi ngati wavala masokosi, kansilanga wa nthenga zopindikira kutsogolo, simboti wa timiyendo tatifupi, ndi kachibudu wopanda mchira. Ankapereka thadzi lonenepa bwino n'kubwerako ndi kankhuku koti mlendo sungamuphere.

"Anzanu amaweta nkhuku zoti adye, imwe mukuweta zoti muzichezga nazo," ankatero amama. "Sono alendo akabwera tiwaphikire nkhani?"

Koma nkhondo yeniyeni inali ya mazira. Nkhuku ikangoyamba kufungatira, Asambizgi ankayendera chisa mozemba, lero dzira limodzi, mkucha lina. Ankaliswera m'sosala ya madzi ofunda n'kuweramirapo ndi galasi lawo lokulitsa zinthu, lomwelo limene ankawerengera foni, poti ana awo a sukulu akale ankawatumizira zimene akatswiri atulukira kumene. Amama akayang'ana m'chisa n'kupeza kuti mazira aperewera, mudzi wonse unkadziwa.

Tsiku lina anaika sosala ija ndi galasi pamtondo, pakhomo penipeni pa khitchini yanga, n'kuuza tambala kuti iwo akupita kudimba, wofuna kuona aone msanga kanthuko kasanazizire. Ndinadikira mpaka njinga itazimiririka. Pachikasu cha dziralo panali timitsempha tofiira, ndipo pakati pake kanthu kopindika, kochepa kuposa nyemba. Kanali ndi diso lakuda, ndi kadontho kofiira kakugunda osapuma. M'mbali mwake munali timatuza tinayi, tiwiri chakumutu tiwiri chakumchira, tofanana ndithu. Ndinakhala ndikukazinga mazira moyo wanga wonse osadziwa kuti ndimagwira chinthu chotere. Ndinagwada pamenepo popanda wondiuza.

Madzulo ake nkhuku zinalandira phunziro lalitali. Anati timatuza tija tiwiri tidzakhala mapiko, tiwiri miyendo, koma malangizo omangira thupi amene ali m'maselo a tonse tinayi ndi amodzimodzi. Mawu akuti majini sankawatchula pamudzi, poti kufupi ndi malire kuno amatanthauza ziwanda, ankangoti malangizo. Phiko lili ndi malangizo onse a mwendo, mwendo uli ndi onse a phiko. Nanga chimasiyanitsa n'chiyani? Iwo anali a kwaya kuyambira unyamata, ndiye ankafanizira ndi kwaya. Oimba ndi omwewo, buku ndi lomwelo, koma woimbitsa akakweza dzanja apa, kutsitsa apo, kulowetsa a besi mochedwa, nyimbo imatuluka ina. M'malangizomo muli tizigawo tina timene sitimanga kanthu, ntchito yake ndi kuimbitsa basi: pano yamba, pano leka, pano kweza mawu.

Kuyambira pamenepo ntchito zanga za madzulo ndinkazikokera dala pafupi ndi mpanda. Ndinamva kuti kameta sanataye malangizo a nthenga, thupi lonse lavala bwinobwino. Kungoti mawu oletsa nthenga amamveka mokweza kwambiri pakhosi. Masapa ndi mwendo umene ukumvako pang'ono nyimbo ya phiko. Ndipo zimene zachitika kwa nkhuku m'makola a anthu, ankatero, n'zimene zachitika kwa nyama zonse m'mibadwo yosawerengeka. Mleme utagwa kuchokera kudenga anautambasula phiko n'kuuza simboti kuti ili ndi dzanja, zala zake ndi izi, zinangochedwa kuuzidwa kuti zileke kukula. Pakaphedwa mbuzi paukwati kapena pamaliro, ankapempha khosi, osati chifukwa cha nyama. Ankadya mosamala n'kundandalika mafupa m'mbale, asanu ndi awiri, n'kuuza amene wachita tsoka kukhala pafupi kuti nyamalikiti ndi khosi lake lonse lija alinso ndi asanu ndi awiri, munthunso chimodzimodzi. Anthu ankasuntha ndi mbale zawo.

Akulu ampingo anzawo anawaitanitsapo kuti afotokoze ngati akadali Mkhristu. Anapita ndi dzira m'thumba la jekete. Sindikudziwa zimene zinakambidwa, koma anabwerako akung'ung'udza, n'kuuza nkhuku kuti saona chifukwa choti munthu aleke kupemphera atadziwa kuti nyama zonsezi zinamangidwa ndi zipangizo zochepa zomwezo. Kwa iwo m'pamene bondo linkafika pansi msanga. Ukulu wampingo anawasiyira, koma kulalikira anawachepetsera.

Munthu wokonda zamoyo chonchi ankaopa njoka mochititsa manyazi. Anagwapo panjinga chifukwa cha mphira ya tayala imene inali pamsewu. Chingwe cha mbuzi chikagwedezeka mu udzu, ankapezeka ali pakhonde. Ana awo a sukulu amakamba kuti phunziro la njoka ankaphunzitsa ataima pakhomo, ngakhale kuti njokayo inali yakufa kale m'botolo. Ndikunena izi kuti mumvetse zimene zinachitika chaka chimene ndinabereka mwana wachiwiri.

Inali nyengo yozizira, chimanga chili m'nkhokwe. Mwanayo anabadwa wamkazi, wonenepa bwino, koma kudzanja lamanja anali ndi zala zazikulu ziwiri, chilichonse ndi chikhadabo chake. Anamwino anati zimachitika, akadzakula madokotala angathe kuchotsa chimodzi. Kumudzi azimayi ankabwera kudzaona khanda, kutsegula kadzanjako, n'kukatsekanso. Mwana asanapatsidwe n'komwe dzina, amuna anapha nsato yaikulu kuseri kwa khola langa la mbuzi. Poitembenuza kuti aisende, anapeza chakumchira zikhadabo ziwiri zakuda, china uku china uku, zokhota ngati za tambala. Wina anakuwa kuti njoka ya malundi, ndiye kuti ya miyendo, ndipo anthu anathamanga kuchokera m'midzi ina kudzaona.

Ankhazi ndiwo anaphatikiza ziwirizi. Kuno mlongo wa bambo ali ndi mawu pa mabanja a ana a mchimwene wake, ndipo awa sankayankhula kawiri. Anati njoka yokhala ndi zimene njoka sikhala nazo yapezeka pakhomo pa mwana wokhala ndi zimene mwana sakhala nazo, ndipo pamudzi pano mlendo ndi mmodzi, wa kummwera uja. Ndibwerere ku Zomba. Lusekelo, mwana wanga woyamba, amene ankagonabe atagwira chitenje changa, atsale, poti ng'ombe za malowolo zinaperekedwa ndipo ana ndi a pano. Khandalo adzalitenga ndikalisiyitsa kuyamwa. Mwamuna wanga ndi dalaivala wa thiraki, ndipo nthawiyo anali pamzere kumalire a Tanzania. Pafoni anangoti tidikire akuluakulu. Mpaka lero ndikakumbukira mawu amenewo ndimamuchepetsera ndiwo.

Asambizgi anayesa kuyankhula. Anati nsato iliyonse ili nazo zikhadabo zimenezo, kungoti anthu akaipha amathamangira chikopa ndi mafuta, sayang'ana. Ankhazi anawadula.

"Iwe, wothawa chingwe cha mbuzi, nsato unaitembenuzapo liti? Za m'mabuku zakozo uziuza nkhuku."

Zinali zoona. Zikhadabozo Asambizgi anali atangoziona pazithunzi. Abale anagwirizana kuti mlandu ukambidwe Loweruka m'mawa.

Lachisanu madzulo, ine nditamanga kale katundu m'zitenje, ndinamva Asambizgi akumwaza madeya. Tsiku limenelo sanaphunzitse kanthu. Anangoti, motsitsa mawu kuposa masiku onse, "Masapa, kamuuze mkamwana amasule katundu. Asalire chomene, mkaka ungachepe."

Sindinamasule. Ndinkawakonda kale mkuluyo, koma ndinkadziwa kuti mawu awo atha mphamvu.

Kutacha, njinga panalibe, bulangete la pabedi pawo panalibe, thumba la chimanga lopanda kanthu panalibenso. Abale anasonkhana pansi pa mango. Ine ndinakhala pataliko pafupi ndi nkhokwe nditafulatira, khanda lili pamiyendo, Lusekelo atandikakamira kumsana. Dzuwa linakwera. Ankhazi anati mchimwene wawo wathawa mlandu, tiyambe. Anali atangoyamba kufotokoza za basi imene ndikakwere pamene tinamva belu la njinga likulira mosalekeza.

Palibe ankaliimba. Manja a Asambizgi ndi amene ankanjenjemera pa handulo. Ndinacheuka, mwambo ndinauiwala, ndipo kanali koyamba kuwaona kumaso bwinobwino. Nkhope inali itatuwa ngati phulusa. Nsapato imodzi kunalibe, mkono wa malaya uli magazi okhaokha, ndipo pakaliyala panali thumba likufufuma uku ndi uku. Anadziwa kuchokera m'mabuku omwe aja kuti m'mawa wozizira nsato imatuluka kudzaothera dzuwa ili yofooka, ndiye anaiponyera bulangete kumutu n'kuigonera. Zimene mabuku sanawauze n'zakuti ngakhale yofooka imaluma ndithu.

Atamasula thumba, bwalo linayera. Amuna amene anapha nsato yoyamba aja anapezeka kuseri kwa nyumba, ankhazi ndi ukalamba wawo wonse anali ataima pabenchi. Asambizgi anagwira mutu wa njokayo m'bulangete n'kupempha woti awagwirire thupi. Palibe anasuntha. Kenako amama anadzuka, n'kulimbitsa chitenje m'chiuno.

"Mwanalume uyu adzandipha ine," anatero, n'kukagwada pa njokayo ndi maondo onse awiri.

Asambizgi anatembenuza mchira. Zikhadabo zinalipo, zazing'ono kuposa za yoyamba ija, koma ziwiri, china uku china uku. Anthu anayamba kuyandikira mmodzimmodzi, ena mpaka kukhudza ndi kamtengo.

"Mwaitenga kuti, Asambizgi?" anafunsa wina.

"Padzenje la pachulu, kudimba kwa mlongo wanga. Nonse mukuidziwa, yakhala ikudya mbewa pamenepo zaka zonsezi." Anatembenukira kwa ankhazi. "Sono, mlongo wanga, iyi ndi yanu? Imwe tikuperekezeni kuti?"

Wina anaphulika kuseka, kenako wina, kenako bwalo lonse. Ankhazi anatsika pabenchi, anakhala pansi, n'kuyamba kukonza mpango wawo umene unalibe vuto lililonse.

Njoka itabwerera m'thumba, amama anawatsuka bala n'kulimanga. Ndinkayesa zatha. Koma Asambizgi anayang'ana uku ndi uku, ndipo pabwalo panalibe nkhuku ngakhale imodzi yoti aitume, zonse zinali zitathawa njoka.

"Mkamwana," anatero, "bweretsani mwanayo kuno."

Azimayi anagwira pakamwa. Ndinayenda ndi maondo kudutsa bwalo lija n'kuika khanda m'manja mwawo, zala zanga mpaka kukhudza zawo. Anatsegula kadzanja kaja n'kukayang'ana nthawi yaitali. Kenako ananena zimene palibe ankayembekezera. Anati mlongo wawo sanalakwe poona kuti njoka ndi chalachi ndi nkhani imodzi, anangolakwa poiopa. Makolo akalekale a njoka anali ndi miyendo. Malangizo omangira zala akadalimo m'thupi mwa njoka mpaka lero, akugwira ntchito zina. Chimene chinafooka m'mibadwo yambirimbiri ndi woimbitsa wake wa kumiyendo. Nsato ikadali m'dzira imayamba ndithu kumanga mwendo, woimbitsa amangokweza dzanja pang'ono n'kulitsitsa, ndipo chotsala ndi kafupa ndi chikhadabo chija. Woimbitsa yemweyo ali mwa nkhuku, mwa mbuzi, mwa ife tonse. Malo ake oimbitsira ndi kumbali ya kachala kakang'ono, koma mwa ana ena amaimbitsakonso kumbali ya chala chachikulu, ndiye zala zimawonjezeka. Anati sangalumbire popanda kuyeza, koma imeneyi ndi njira imodzi imene zala ngati izi zimabwerera.

"Mwa njoka anatopa n'kukhala chete. Mwa mwana uyu wachita changu chopitirira. Ichi si choopa yayi, n'chovulira chipewa."

Anavuladi chipewa. Sindinganame kuti onse anamva, ena maso anali pathumba lija. Koma ine ndinamva, poti timatuza tija ndinationa ndekha m'sosala. Ndinayang'ana kadzanja kamene kanandisowetsa mtendere masiku onsewo, n'kuona kuti kali pachibale ndi phiko la nkhuku, ndi chikhadabo cha nsato, ndi zamoyo zakalekale zimene palibe munthu anaziona. Ndinachita mantha a mtundu wina, aja amakugwira m'tchalitchi kwaya ikangosiya kuimba. Asambizgi anamupatsa dzina pomwepo, Lughano, kutanthauza chikondi, n'kumubwezera m'manja mwanga.

Masana omwewo anakankhanso njinga kukabweza nsato padzenje pake, ngakhale kuti amuna ankafuna mafuta ake. Pobwera anasanza kuseri kwa khola, ndipo anagona masiku angapo akunjenjemera. Njoka sanasiye kuziopa mpaka imfa. Ankhazi sanapepese, anthu a msinkhu wawo sapepesa. Anangobwera sabata yotsatira ndi lichero la nyemba n'kupempha kunyamula mwana. Asambizgi anabwerera kwa nkhuku zawo ndipo sanandiyankhulenso mwachindunji. Inenso ndinabwerera kuseri kwa nkhokwe, ndi mawu othokoza, aja kuno amati yewo chomene, amene ndinkawakonza tsiku ndi tsiku osapeza potulutsira. Nkhuku ankazituma ndi iwo. Mwana sangatume nkhuku kwa munthu wamkulu. Asambizgi anamwalira chaka chatha nyengo ya mvula, ndi chifuwa, kuchipatala cha kuboma. Phala lawo lomaliza ndinaphika ndine, koma analinyamula ena.

Lughano ali ku pulayimale tsopano. Chala chake amakana kuti achichotse, akuti n'chimene agogo anachivulira chipewa. Galasi lija lili ndi iye, ndipo mazira ayambanso kuperewera m'chisa. Amama akudziwa, koma sakunena kanthu.

Pansi pa mango paja pali timaenje tinayi pamene miyendo ya mpando wawo inkalowa, ndi msomali pamtengo pamene ankakoleka chipewa. Amama amasesapo m'mawa uliwonse mosamala kuti timaenjeto tisakwiririke. Palibenso wondiletsa kudutsapo, koma mapazi anga akhala akuzungulirabe okha kuseri kwa nkhokwe. Alendo a chiliza atabalalika, ndinatenga madeya m'mbale n'kupita pakati pa bwalo, koyamba ndikuyenda choimirira. Nkhuku zinathamangira, masapa, simboti, ndi kameta wina, mdzukulu wa woyamba uja. Ndinagwada moyang'ana timaenje tija, n'kukweza mawu ngati mmene iwo ankachitira.

"Iwe Kameta, kawauze kuti katundu uja ndinamasula. Ana ndili nawo onse awiri. Kawauze kuti yewo chomene."

Kameta anapendeketsa khosi lake lambulanda n'kundiyang'ana ndi diso limodzi. Kenako anapita kukatola madeya amene anagwera m'kadzenje kamodzi ka mpando.